Chombo cha a Stan ndi Ntchafu Yanga

Ana inu, tazimitsani matabuletiwo mukhale apa. Mvula iyi sikata lero, ndipo mayi anu sabwera mpaka shifiti ithe. Iwe Tadala, usandiyang'ane choncho, ndikudziwa zimene ukufuna kunena. "You're only thirty-one." Ndiye? Ugogo amayeza ndi imvi? Agogo anu a ku Coventry, anesi aja, ndi achemwali anga bere limodzi, iwo oyamba, ine mzime. Mayi anu amanditcha malume. Nanga inu muzinditcha chiyani? Agogo. Agogo Dali. Mlandu watha.

Lero ndikuuzani za nthawi imene ndinagwira ntchito pa chombo chankhondo, cha matanga, cha mizinga makumi asanu ndi awiri kudza inayi. Konkuno ku West Bromwich. Chisomo, tseka pakamwapo. Ndikudziwa kuti kuno kulibe nyanja. Dikira.

Linali kale, dziko lisanafewe, zaka zinayi zapitazo. Ndinali nditangofika kudzagwira ntchito ya care, yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Masiku amenewo kunkazizira zenizeni, osati kuzizira kwamasewera kwa masiku anoku. Ukapereka moni pa siteji ya basi, moniyo ankauma m'malere, mnzakoyo n'kudzamumva mu Epulo. Inu mumapita kusukulu pa galimoto yotenthetsa mipando. Ife tinkayenda: tramu, kasitima ka m'tauni kaja, basi, kenako wapansi, foni ili m'manja ikukuwerengera mphindi. Polowa m'nyumba umadina foni, potuluka umadinanso. Mphindi makumi anayi ndi zisanu zokha: kumudzutsa munthu, kumusambitsa, tiyi, tositi, mankhwala, kulemba, panja.

Mwa okalamba angawo munali a Stan. Mdala wa zaka zopitirira makumi asanu ndi atatu, akazi awo anamwalira, ankakhala okha m'nyumba zogundana ngati mano zija. Moyo wawo wonse anagwira m'fakitale ya maunyolo. Manja ngati makasu, koma ankanjenjemera moti theka la tiyi linkamwedwa ndi malaya. Tsiku loyamba anandifunsa dzina, ndinati Dalitso. Iwo anati, "Dali basi. Zotsalazo pa msinkhu wanga uno ndilibe nazo nthawi."

Sabata yachitatu anati, "Dali, tandigwira mkono, tipite kushedi." Tinatuluka pang'onopang'ono mpaka kuseri, m'kanyumba kawo kosungiramo zipangizo. Anavundukula chinsalu. Ana inu! Chombo. Kutalika kwake kuchokera apa kukafika pa geti paja. Chabwino Tadala, kufika pa filiji. Chabwino, chabwino, mkono wanga uwu ndi theka. Koma chilichonse chinalipo. Timatabwa tokhoma limodzilimodzi, timawindo ta chipinda cha kaputeni, mizinga yonga chala chako chaching'onocho ili ndandanda m'mbali zonse, pansi pake mkuwa uli waliwali. Milongoti itatu inali njo, koma yopanda chingwe n'chimodzi chomwe, ngati nkhuku yososola.

"Zaka makumi atatu," anatero a Stan. "Palibe chogula apa. Kamsomali kalikonse ndinapanga ndekha. Matanga anasoka akazi anga, ali m'chitini cha mabisiketi icho. Chatsala ndi zingwe. Ndiye taona." Anatukula manja aja, akuvina okha.

Kenako anandiuza chimene chinkawadya. Mwana wawo, a Julie, anali atawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba ku Stoke, kufupi ndi kwawo. Galimoto yodzasamutsa inali yobukidwa kale, kutatsala masabata asanu ndi awiri. Nyumba igulitsidwa, shedi igwetsedwa. "Kupitako sindikukana," anatero. "Ndagwa kawiri m'khitchini umo. Koma ndikufuna ndichione chili pamadzi, mphepo ikuchikankha, kamodzi kokha. Ndikachoka chisanathe, sichidzathanso."

Ine n'kukamwa kwanga kuja ndinati, "Bwanji osangogula zingwezo pa intaneti?" Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Anali ndi kamakina kopotera ulusi kokhala ndi chogudubuza, kopanga okhanso, koma anakagwetsa chaka chapitacho n'kuthyoka mano.

Tsopano mverani, muphunzire, ana obadwira m'kapeti inu. Kwathu ku Dowa chingwe sitinkagula. Mbuzi ikadula chingwe n'kulowa m'munda mwa eni, okwapulidwa si mbuziyo. Ndiye unkadula khonje, kumupala mpaka kutsale ulusi woyera, n'kukhala pansi. Umaika nthambo ziwiri pa ntchafu, kulavulira m'dzanja, n'kuzigudubuza kupita kubondo, pobwerera zimakolana zokha. Kupota kumeneko. Aliyense ankadziwa, ngakhale ogona m'kalasi ngati ine.

M'mawa mwake, ndikudikira kuti ketulo iwire, ndinaona ulusi wa bafuta patebulo. Manja anangokumbukira okha. Ndinapinda buluku, kulavulira, gudubu gudubu. Ketulo isanalire ndinali ndi kachingwe kotalika ngati supuni. A Stan anakatenga, n'kukaika pansi pa galasi lawo lokulitsira zinthu. Kenako anafunsa:

"Makina ake ali kuti?"

"Ku Dowa munthu aliyense amabadwa ndi mafakitale awiri," ndinatero, "ya kumanja ndi ya kumanzere."

"Za pachombo zimakhala za nthambo zitatu. Ichi n'cha ziwiri."

"Bweretsani yachitatuyo, bwana."

Ntchito inayambika. A Stan, amene kale kuti adzuke ndinkachita kuwanyengerera ngati mkwatibwi, ndinkawapeza atakhala kale m'mphepete mwa bedi, juzi yotembenuza, akundifunsa kuti ndachedwa kuti. Tikamaliza kusamba ndi mankhwala, mphindi zotsala zinali za chombo. Lamlungu ndikaweruka kutchalitchi ndinkapitanso pandekha. Dzina la chombocho anandiuza, lachizungu, lalitali, lodzitama. Ine ndinkangoti Adona. Zingwe zogwira milongoti zinkafunika zakuda, ndiye tinkazipaka polishi wa nsapato ndi phula. Zokokera matanga zinkakhala zoyera. Iwo ankaloza ndi pensulo, ine n'kumapisa ndi kachitsulo kozulira nsidze. Pomatha sabata, ntchafu ya kumanja inalibe ubweya ndi umodzi womwe. Mpaka lero. Ayi Chisomo, sindikuonetsa.

Uku ndikupota, iwo ankandiuza mbiri ya Adona enieniwo, chombo chachikulu cha m'zaka za m'ma 1700. Kuti chimangidwe, inagwa nkhalango yathunthu ya oki, mitengo yolimba ya kuno, ngati muwanga kwathu. Pansi anakuta ndi mkuwa chifukwa m'nyanja muli tinyongolotsi todya matabwa ngati chiswe. M'katimo munkakhala amuna mazanamazana, kugona m'machira olenjekeka pamwamba pa mizinga, phewa ndi phewa, mmodzi akatembenuka onse atembenuke. Chakudya chake? Nyama yamchere ya m'migolo, yolimba yoti n'kusemera mpini. Mabisiketi ankayamba awagogoda patebulo kuti anankafumbwe atuluke, osafuna kutulukawo ndiye ndiwo. Inu mumalira pizza ikafika yozizira. Iwo nkhama zinkatupa, mano n'kumagwedera, mpaka akuluakulu anazindikira kuti mankhwala ake ndi mandimu wamba.

Ndipo a Stan ankati kholo lawo lina, wosula misomali wa konkuno, anapita kudoko ndi katundu wake, n'kulowa penapake kuti anyowetse kukhosi. Masiku amenewo amalinyero akachepa ankangogwira aliyense wamiyendo iwiri. Munthu uja podzidzimuka anali pakati pa nyanja, pa Adona. Anaona nkhondo ndi Afalansa, zombo zitaima mbali ndi mbali ngati mabasi pa depoti, zikulavulirana moto, utsi woti sungaone dzanja lako. Anabwerako patapita zaka, khutu limodzi logontha, nkhani zodzaza ngolo. Ndimaganiza kuti ameneyo tinali pachibale. Adona atakalamba anawazula milongoti, n'kuwamangirira pamtsinje kuti akhale ndende ya akaidi. Pomaliza anawaphwasula, matabwa n'kukamangira nkhokwe ndi makola.

Tsiku lina ndikuwapukuta kumsana ndinafunsa, "Nanga kukakhala kulibe nkhondo, ankapita kuti?"

"Kutsidya kwa nyanja, kuzilumba za shuga. Kukalondera."

"Shuga wolima ndani?"

Anatembenuka n'kundiyang'ana, madzi akudontha. Kenako anati, "Akapolo, Dali. Anthu ogwidwa ku Africa. M'mabuku amene ndinawerenga ndili mwana, tsamba limenelo munalibe."

Ndinawaveka thaulo. Ndinati, "Ndiye ulendo uno Adona ayendera zingwe za munthu wa ku Dowa, ndipo azimvera ine." Anaseka mpaka kutsokomola, koma anandigwira dzanja mwamphamvu osalitaya msanga.

Zinthu zinkayenda bwino mpaka Lachitatu lina. A Julie anangotulukira osaimba foni. Taganizani zimene anaona atatsegula chitseko cha khitchini. Ine ndili pa mpando, mwendo wonse uli pamtunda, wakuda kale n'kuwonjezera polishi, ndikulavulira m'manja. Bambo awo awerama ndi galasi lokulitsira, akuyang'anitsitsa ntchafu yanga. Ndinati ndifotokoze, koma Chingerezi chonse chinathawira ku Dowa. Iwo anakadandaula ku ofesi. Masana omwewo ndinayang'ana pa foni, dzina la a Stan lachotsedwa pa mndandanda wanga. Kutatsala masabata anayi, mlongoti umodzi wokha ndi umene unali utavala.

Anandiitanitsa ku ofesi. Wogawa mashifiti anali a Mai Zulu, a ku Chipata ku Zambia, mayi woti akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umaulula ndi zimene sunachite.

"Iwe Dalitso, nkhala pansi. Ni zoona unavula buluku pa nyumba ya client?"

"Sindinavule, Mai. Ndinapinda."

"Kupinda kufika pati?"

Ndinaloza.

"Mayo ine! Nchito uifuna olo suifuna?"

"Mai, mundilole ndipinde pang'ono muone."

"Usayese! Muno muli kamera!"

Ndiye ndinangotulutsa m'thumba kachingwe kamodzi n'kuika pa desiki. Anakanyamula, kukatembenuza, kukakoka. Nkhope inayamba kusungunuka.

"Iwe. Uku ni kupota? Monga nthambo ya mbuzi?"

"Ya mbuzi yomweyo, Mai. Koma mbuzi yake ili ndi mizinga."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "Atate anga anali kupota so pa khonde, mwendo mbee! Manje mzungu aziona bwanji?" Koma anati nkhani ikalowa m'kompyuta situluka tsiku limodzi, ndidikire.

Ndinadikira masiku asanu ndi anayi. Amene anandipulumutsa ndi a Stan eni ake. Ananyanyala. Mtsikana amene anatumizidwa m'malo mwanga ankamuuza mwaulemu kuti zikomo, sindisamba, sindidya tositi, mundibweretsere Dali. A Julie anabwera kudzawakalipira, iwo anangowatengera kushedi n'kuwapatsa galasi lija kuti aone okha mlongoti wovalawo. A Mai Zulu nawo anaimba foni n'kufotokoza za mbuzi za ku Chipata. Mapeto ake kupota kunalembedwa m'pepala la chisamaliro cha a Stan ngati ntchito yowasangalatsa, koma ndi malamulo awiri. Loyamba, ndizivala kabudula wa mpira, osapinda buluku. Lachiwiri, malovu ayi, ndizinyowetsa dzanja m'sosala ya madzi. Ana inu, madzi sagwira ngati malovu. Koma dziko ndi la eni.

A Julie anapepesa, maso ali pansi. Loweruka lotsatira anabwera n'kutigwirira nyali. Ali chigwirire anati, "Ndili mwana ndinkachida chombo ichi. Bambo akaweruka ankayamba kupereka moni kwa icho." A Stan anati, "Chifukwa icho sichinkayankha mwano." Anasekana, ine n'kumangopota ngati sindikumva.

Masabata otsalawo ndinapota ngati wamisala. Ntchafu ya kumanja itatupa ndinatsegula fakitale ya kumanzere. Zingwe zimene ndinapota mutazilumikiza zikhoza kufika ku Lilongwe n'kutsalako zomangira katundu. Tadala, usawerengere, masamu ako ndi a kuno. Tinamanga matanga, tonse atatu osapuma bwino. Kutatsala masiku anayi tinati tiyese m'bafa. Ndinadzaza madzi, n'kuwaika Adona mwaulemu. Anaima kamphindi, kenako anapendekeka, phofo, chammbali ngati woledzera.

Mtima wanga unagwera m'sokosi. Koma a Stan anadzimenya pachipumi. "Mimba ilibe kanthu! Chenichenicho ankachidzaza zitsulo ndi miyala pansi kuti chisagwe." Anandituma kushedi kukatenga zitini za manati ndi mabawuti a kufakitale kwawo kuja. Tinapakira m'mimba mwa Adona limodzilimodzi, kunsi n'kumangirira kachitsulo ka mtovu. Ulendo wachitatu anaima chilili m'bafa, pakati pa sopo ndi shampu, ngati mfumukazi.

Galimoto yosamutsa inali ya Lolemba. Ife tinapita kupaki Lamlungu masana. Pali dziwe lalikulu paja pamene madala amayendetsa timaboti ta mabatire. Ine ndinali nditalengeza kutchalitchi, ndiye anabwera agogo anu a ku Coventry, a Mai Zulu, ndi amayi ena asanu, zitenje pamwamba pa majekete. A Stan anali pa wilitcheya, bulangete pamiyendo, ndodo yawo m'manja. A Julie ananyamula Adona ngati khanda lopita ku ubatizo.

Madala a mabatire aja anatizungulira. Mmodzi wa kapu yofiira anati, "N'chokongola, bwanawe. Rimoti yake ili kuti?"

A Stan analoza kumwamba. "Iyo ikuombayo."

"Chigwa chisanafike pa abakha apo. Zoterezi n'zoika pa shelefu."

A Stan anandiuza zingwe zoti ndikoke ndi zoti ndimasule, ananyowetsa chala n'kuchiimika m'mwamba, n'kuti, "Tsopano." Ndinavula nsapato n'kulowa m'madzi ozizira moti zala zanga zinandilembera kalata yotsanzika. Ndinawakhazika Adona. Ndinachotsa manja.

Palibe chinachitika. Anangoima, matanga ali lende. Bakha wina anabwera kudzayang'ana, n'kuchoka. Wa kapu yofiira anatsokomola.

Kenako mphepo inabwera kuchokera kumitengo. Matanga anafufuma onse nthawi imodzi, pha! Adona anapendekeka, anapendekekabe, mizinga ya m'munsi n'kukhudza madzi. Amayi onse anati "Mayo!" Zingwe zanga zija zinakungika ngati za gitala. Ndiye pang'onopang'ono anadzuka, n'kuloza mphuno kutsidya, n'kunyamuka. Ana inu, ananyamuka! Madzi akung'ambika kutsogolo, kumbuyo kukutsala mzere. Atsekwe amene amalamulira dziwe lija, oti ngakhale apolisi amawaopa, anabalalika uku akulira. Kaboti kena ka batire kanapatuka kokha. Agogo anu a ku Coventry aja anayambitsa nthungululu, amayi onse n'kulandira, mpaka agalu a m'paki monse anayankha. Wa kapu yofiira anavula kapu ija.

Ine ndikuvina m'madzi, ndinamva a Stan akukuwa. "Dali! Kutsidya kuli simenti! Chikagunda chiphwanyika!"

Tinali titaganiza za kunyamuka kokha, za kufika ayi. Ndinatuluka m'madzi, osavala nsapato, n'kugwira wilitcheya. Tinathamanga kuzungulira dziwe. Tinapitirira mayi wokankha mwana m'pulamu. Tinapitirira bambo wothamanga wa kabudula wothina. Tinapitirira njinga ziwiri, ndipo ndege ina yopita ku eyapoti ya Birmingham tinayenda nayo limodzi kwa kanthawi. A Stan, munthu amene dokotala anati asamadzidzimuke, anali akuzunguza ndodo m'mwamba. "Liwiro! Kumanzere! Samala galuyo!" Kumbuyo a Julie akukuwa kuti tiime, a Mai Zulu akukuwa kuti zimenezi m'pepala lija mulibe.

Tinafika Adona atatsala pang'ono, akubwera molunjika ngati akudziwa kumene akupita. Ndinamanga mabuleki n'kuti ndidumphiremo, koma a Stan anati, "Ayi. Ndekha. Iwe gwira lamba." Ndinawagwira lamba kumbuyo. Anawerama, n'kutambasula ndodo, mbali ya labala kutsogolo. Ndodo ikuvina, chombo chikubwera, ine ndikupemphera m'zilankhulo zitatu. Mphuno ya Adona inafika pa labala paja n'kutsamira, phee, osamveka ndi phokoso lomwe. Kutsala kadanga konga chikhatho kuti agunde simenti.

Ndinawatulutsa n'kuwaika pamiyendo pawo, madzi akuchucha pa bulangete. Anthu anafika ali wefuwefu, akuomba m'manja, koma a Stan sanayang'ane munthu. Anayendetsa chala pa chingwe chilichonse, mlongoti woyamba, wachiwiri, wachitatu. Anatenga nthawi yawo.

"Palibe chaduka, Dali," anatero. "N'chimodzi chomwe."

Kenako anatembenukira kwa mwana wawo, amene anali akupukuta m'maso ndi mpango. "Julie, uwauze a galimoto aja abwere m'mawa, ndakonzeka. Koma Adona akhala kutsogolo ndi dalaivala. Ine mundiike kumbuyo ndi masutikesi."